Baissoptera, kachilombo ka khosi lalitali kamene kanatsala pamwala

Namzeze:
Akuluakulu, ndithandizeni. Usiku wathawu ndakhala ndikuyang'anitsitsa chithunzi cha mwala wathyathyathya, wotuwa mopita ku chikasu. Pamwalapo pali kachilombo kogona chammbali, mapiko ake akuoneka bwinobwino mpaka timizere take. Mutu uli patali ndi thupi ngati kali ndi khosi lalitali. Pansi pake analemba kuti Baissoptera, kuti ndi snakefly (dzina la Chingelezi lotanthauza ntchentche ya njoka), ndiponso kuti gulu lake linatha kalekale. Zinthu ziwiri zandisowetsa mtendere. Ndapeza kuti ma snakefly alipobe mpaka lero, ndiye akamati linatha akutanthauza chiyani? Koma chondivuta kwambiri ndi ichi: munthu angaone bwanji phiko lophwanyika pamwala n'kunena motsimikiza kuti aka si ka masiku ano? Kwa ine mapiko a tizilombo amangofanana. Kodi si kungopatsa chinthu dzina kuti nawe utchuke?

Fumbi_la_Mmawa:
Ine dzinali ndikulimva koyamba. Ndi njoka youluka kapena ndi ntchentche? Kamaluma anthu?

Mwala_Wosalala:
A Fumbi, si njoka ndipo si ntchentche. Ntchentche ili ndi mapiko awiri, aka kali ndi anayi, oonekera ngati galasi, ndipo kakatera kamawafunditsa pamsana ngati denga. Chimene a Namzeze akuti khosi ndi gawo loyamba la chifuwa, lomwe pa tizilombo timeneti linatalika kwambiri. Kamatukula mutu m'mwamba kenako n'kuugwetsera pa kachilombo kena kamene kakufuna kudya, ndiye amene anakaona anakumbukira njoka ikamakonzeka kuluma. Ajeremani anaona nyama ina, anakatcha Kamelhalsfliege, kutanthauza ntchentche ya khosi la ngamila. Kwa munthu kalibe vuto. Kamadya nsabwe za zomera ndi tizilombo tina tofewa.

Tsopano za kutha kuja. Ma snakefly onse, akale ndi atsopano, ali m'gulu lalikulu lotchedwa Raphidioptera. M'kati mwake muli mabanja. Mabanja amene ali ndi moyo lero ndi awiri okha, Raphidiidae ndi Inocelliidae, ndipo mitundu yake yonse pamodzi ndi pafupifupi 260. Baissoptera sanali m'mabanja awiriwa. Anali m'banja lake lotchedwa Baissopteridae, ndipo banja limenelo palibe ndi kamodzi komwe kotsala. Ndiye gulu lalikulu lilipo, koma nthambi iyi inauma.

Fumbi_la_Mmawa:
Zikomo achimwene. Nanga dzina lovuta kutchulali analitenga kuti?

Mwala_Wosalala:
Ndi dzina la malo. Baissa ili ku Siberia m'dziko la Russia, m'mbali mwa mtsinje wa Vitim, kum'mawa kwa nyanja ya Baikal. Kale pamenepo panali nyanja, tizilombo tinkagwera m'madzi n'kukwiriridwa m'matope osalala, matopewo n'kusanduka mwala. Mayi wina katswiri wa tizilombo takale, Olga Martynova, ndi amene anatcha dzinali mu 1961. Mbali yomalizayo, ptera, ndi Chigiriki, kutanthauza mapiko. Ndiye ndi mapiko a ku Baissa basi. Amuna awo, Andrey Martynov, anali atatcha kale gulu lina la ma snakefly akale, Mesoraphidia, mu 1925, kuchokera m'miyala ya ku Karatau ku Kazakhstan.

Gologolo:
Mwafotokoza bwino dzina koma funso la a Namzeze simunaliyankhe. Phiko ndi phiko. Ine ndili mbali yawo.

Mphunzi_wa_Mapiko:
A Gologolo, ndiloleni ndiyesere, chifukwa inenso ndinkaganiza chimodzimodzi ndisanakhalepo pansi ndi galasi lokulitsa zinthu. Timizere ta m'phiko tija ndi mitsempha, ndipo simayenda mwachisawawa. Mu mtundu umodzi wa kachilombo imayenda njira imodzimodzi, kamodzi ndi kanzake kusiyana pang'ono chabe. Mtsempha uliwonse waukulu uli ndi dzina lake. Njira yoitchulira inakhazikitsidwa ndi Comstock ndi Needham mu 1898 ndipo ikugwirabe ntchito. Pali mitsempha yoyenda kuchokera pomwe phiko lamera kupita kunsonga, ndipo pali timitsempha tifupitifupi todutsa pakati, tolumikiza iwiri iwiri. Zikakumana zimapanga timabokosi. Katswiri amawerenga timabokosito, amaona pamene mtsempha wagawika, kaya wagawika kawiri kapena kanayi, kaya awiri alumikizana pafupi ndi thupi kapena patali.

Ndikupatseni chitsanzo cha amoyo kuti muone kuti si zongopeka. Kutsogolo kwa phiko, chakunsonga, kuli kachigamba kakuda. Mu banja la Raphidiidae kachigambako kamadulidwa ndi kamtsempha pakati, mu banja la Inocelliidae kalibe kamtsempha koteroko. Ndiye ukatola phiko lokha umadziwa banja. Ukayang'ana mutu umapeza umboni wachiwiri wogwirizana: a Raphidiidae ali ndi timaso titatu ting'onoting'ono pamwamba pa mutu kuwonjezera pa maso awiri akulu, a Inocelliidae alibe. Phiko ndi mutu zikunena chimodzi. N'chifukwa chake anthu amakhulupirira phiko ngakhale mutu utasowa.

Banja la Baissopteridae limadziwika ndi kuchuluka kwa mitsempha. Timabokosi take ndi tambirimbiri, tothinana, pamene a masiku ano mapiko awo ali ndi timabokosi tochepa totakasuka. A Namzeze, ikani chithunzi chanu pafupi ndi cha wamoyo, muwerenge nokha.

Gologolo:
Chabwino, koma mwala umaphwanya chinthu. Phiko lakutsogolo likagona pamwamba pa lakumbuyo, timizere sitichuluka pamenepo? Munthu akhoza kuwerenga mapiko awiri n'kumati ndi limodzi.

Mphunzi_wa_Mapiko:
Apo mwalasa. Zimachitikadi, ndipo ndi limodzi mwa mavuto aakulu a ntchitoyi. Mapiko anayi akasanjikizana pamafunika kuwalekanitsa pojambula, mzere ndi mzere, ndipo anthu awiri akhoza kujambula mwala womwewo mosiyana. N'chifukwa chake pali lamulo lakuti mwala umene dzina lachokerapo uzisungidwa pamalo odziwika, kuti wina adzabwere patapita zaka n'kuuonanso. Ndipo mayina amasinthadi. Panali banja lotchedwa Alloraphidiidae lomwe kale linkaima palokha, pambuyo pake analilowetsa m'banja la Mesoraphidiidae. Magulu ambiri a tizilombo takale anatchedwa kuchokera pa kachilombo kamodzi kokha, ena pa phiko limodzi, ndipo kukayika pa amenewo n'koyenera.

Koma Baissoptera sali m'gulu lofooka limenelo. Anapezeka ku Russia, anapezekanso ku China, ndi ku Brazil, ndipo ena ali ndi thupi lonse.

Namzeze:
Mwala wa pachithunzi changa analemba kuti ndi wa ku Brazil. Ndimaganiza kuti alakwitsa poona dzina lachi Russia.

Mwala_Wosalala:
Sanalakwitse achemwali. Umenewo uyenera kukhala mwala wa Crato, kumpoto chakum'mawa kwa Brazil, m'dera la Ceará. Mtundu wa mwalawo mwaufotokoza ndendende, wathyathyathya, wachikasu chotuwa. Umang'ambika m'timapepala ngati masamba a buku, ndipo anthu amaukumba kuti apangire pansi pa nyumba ndi makoma. Okumbawo ndi amene nthawi zambiri amayamba kuona tizilombo akang'amba mwala. Mtundu wa Baissoptera brasiliensis unatchedwa ndi John Oswald mu 1990 kuchokera kumeneko. Miyalayo ndi ya nyengo ya Cretaceous, zaka zopitirira 110 miliyoni zapitazo.

Ndipo apa ndi pamene nkhani imandikoka mtima ine. Lero ku Brazil kulibe snakefly ndi kamodzi komwe. Kumwera konse kwa equator, mzere wogawa dziko lapansi pakati, kulibe. Amoyo ali ku Ulaya, ku Asia, kumadzulo kwa North America kutsika mpaka kumapiri a Mexico, ndi kumapiri a kumpoto kwenikweni kwa Africa. Onsewo ndi malo amene amakhala ndi nyengo yozizira. Koma Crato nthawi imeneyo kunali kotentha, ndipo ma snakefly ankakhalako bwinobwino.

KaluluWaMtengo:
Ayi apo ndikutsutsa. Ine ndili kumwera kwa equator ndipo ndinakaonapo ndi maso anga. Kanabwera pa nyali usiku, khosi lalitali, mapiko oonekera, zonse zomwe mwanenazi. Ndinakayang'ana nthawi yaitali kali pakhoma.

Mlendo_Kuzizira:
A Kalulu, miyendo yakutsogolo inali bwanji?

KaluluWaMtengo:
Yopinda, yonenepa pang'ono, ngati ya chiswamphika. Inali pafupi ndi mutu.

Mlendo_Kuzizira:
Ndiye simunaname, munaonadi kachilombo ka khosi lalitali, koma kanali ka banja lina lotchedwa Mantispidae. Amenewo amapezeka kwambiri kumadera otentha ndipo amabweradi pa nyali. Kusiyana kwake kuli pa miyendo yomweyo. A Mantispidae miyendo yawo yakutsogolo imamera kutsogolo kwa khosi, pafupi ndi mutu, ndipo ndi yogwirira nyama. Snakefly miyendo yake yonse isanu ndi umodzi ndi yoyendera, ndipo yakutsogolo imamera kumbuyo kwa khosi, ndiye khosi ndi mutu zimatsala zokha kutsogolo, zikugwedezeka. Ndi achibale ndithu, koma apatali. Wachibale wina ndi kachilombo kaja kamene mphutsi yake imakumba kadzenje kozungulira mumchenga kuti nyerere zizigweramo.

Ine komwe ndikukhala kuno kumagwa chipale chofewa, ndipo ndinakaonapo kamodzi kokha, chilimwe chitangoyamba, pa khungwa la mtengo wa paini. Ndi kakang'ono kuposa mmene zithunzi zimaonetsera, kutalika kwake sikanafike pa mfundo imodzi ya chala changa. Kanali kakuda konyezimira. Kataona mthunzi wanga kanatukula mutu n'kuima chilili, kenako kanayamba kupukuta tinyanga take ndi miyendo. Sikanauluke msanga, kanangothamanga pakhungwa n'kulowa mumng'alu. Amati siodziwa kuuluka patali, ndipo nditaona ndinakhulupirira.

KaluluWaMtengo:
Ndavomera achemwali. Miyendo ija ndikuikumbukira bwino, inali ya chiswamphika.

MayiWaAwiri:
Pepani kukudulani. Mwana wanga akufunsa kuti kuzizirako amakufuniranji? Tizilombo tambiri timakonda kutentha.

Mwala_Wosalala:
Mayi, funso la mwanayo ndi lomwe akatswiri akulimbana nalo. Moyo wambiri wa snakefly umatha ali mphutsi, kawirikawiri zaka ziwiri kapena zitatu, pansi pa khungwa la mtengo kapena m'nthaka pafupi ndi mizu. Mphutsiyo ndi yaitali, yathyathyathya, yothamanga, ndipo imatha kuthamanga chammbuyo mofulumira ngati mmene imathamangira chakutsogolo, zomwe zimaithandiza m'ming'alu yothina. Kuti isanduke kachilombo kamapiko imafunika kudutsa m'nyengo yozizira. Amene anazisunga m'chipinda chofunda chaka chonse anaona kuti sizisintha bwino. Zina zimayamba kutuluka timapiko tosakhwima zikadali mphutsi, n'kufa zisanafike pokhala zazikulu. Kuzizira kuli ngati chizindikiro chouza thupi kuti nthawi yakwana.

Akale aja sakanakhala ndi lamulo limeneli, chifukwa ankakhala m'malo amene kuzizira kotero kunalibe. Kupatula Brazil, apezeka mu utomoni wouma wa ku Myanmar, wa zaka pafupifupi 99 miliyoni, ndipo kumeneko kunali nkhalango yotentha.

MayiWaAwiri:
Utomoni wa mtengo weniweniwu?

Mphunzi_wa_Mapiko:
Womwewo mayi. Mtengo ukavulala umatuluka utomoni, kachilombo kakamatirira n'kukutidwa, utomoniwo ukakwiririka zaka mamiliyoni umalimba ngati mwala koma umaonekerabe. Pa Chingelezi amati amber. Ubwino wake ndi wakuti kachilombo sikaphwanyika, umakaona mbali zonse, mpaka ubweya wa pamiyendo. Ting'onoting'ono kwambiri tapezeka mmenemo. Nanoraphidia electroburmica, yomwe Michael Engel anaitcha mu 2002, phiko lake lakutsogolo langopitirira pang'ono mamilimita 4. Lebanoraphidia nana ya mu utomoni wa ku Lebanon, yotchedwa mu 2011, silikufika n'komwe mamilimita 4. Ku Spain nakonso, pa malo otchedwa El Soplao, kunatuluka Cantabroraphidia ndi Necroraphidia.

Chiphaliwali09:
Mwatchula utomoni, ndikuchenjezeni anzanga. Ine ndinagula kamwala kotere pa intaneti kwa munthu wina amene ankati ndi ka zaka mamiliyoni ambiri, m'kati muli kachilombo kamapiko. Katafika kanali kokongola kwambiri, kachilombo kali pakatikati penipeni, miyendo yotambasuka bwino. Mnzanga wina anandiuza kuti ndidonthezere mankhwala ochotsera utoto wa m'zikhadabo pakona. Pamalopo panayamba kumata nthawi yomweyo. Unali utomoni waposachedwa, wosakhwima. Ndinamulembera wogulitsayo, sanayankhenso. Zinandipweteka chifukwa ndinkafuna kupatsa mng'ono wanga amene amakonda zimenezi.

Mlendo_Kuzizira:
Pepani achimwene. Chizindikiro china ndi chomwe mwanenacho, kukongola kopitirira. Kachilombo kamene kanamatirira kali moyo kamalimbana, miyendo imapindika, phiko lina limathyoka, pamakhala tizinyalala ndi timathovu.

Gologolo:
Ndipo ngakhale utakhala weniweni, wa ku Myanmar uli ndi nkhani yake. Umakumbidwa ku chigwa cha Hukawng m'dera la Kachin komwe kwakhala nkhondo. Mu 2020 bungwe la Society of Vertebrate Paleontology linapempha kuti magazini a sayansi asamasindikize za utomoni wogulidwa kumeneko kuyambira June 2017, pamene asilikali analanda migodiyo. Tisamangoyamikira kukongola osafunsa kuti unafika bwanji m'manja mwa munthu.

Fumbi_la_Mmawa:
Koma akapanda kugula asayansi, sungogulidwa ndi opanga mikanda n'kutayika?

Gologolo:
Ena amanena choncho. Ine sindikhutira nazo. Ndalama ikafika kwa ogwira mfuti yafika, kaya wagula ndi wasayansi kapena wa mikanda. Za Brazil nazonso n'chimodzimodzi mwa njira ina. Lamulo la kumeneko la mu 1942 limati zotsalira zakale za m'nthaka ndi za dziko, koma miyala yambiri ya Crato ili m'mayiko akunja. Dinosaur wamng'ono wotchedwa Ubirajara, wochokera m'miyala yomweyo, anachita kubwezedwa kuchokera ku Germany mu 2023 anthu a ku Brazil atadandaula kwambiri. Tizilombo tating'ono ngati ka a Namzeze sitimveka mbiri chifukwa timalowa m'thumba mosavuta.

Mwala_Wosalala:
Mfundo yanu ndi yoona a Gologolo ndipo ikugwirizana ndi zomwe a Mphunzi ananena za kusunga mwala pamalo odziwika. Mwala ukakhala m'nyumba ya munthu wogula, palibe amene angauonenso kuti atsimikize dzina. Kukayika kwanu kuja kumathetsedwa ndi kuonanso mwalawo, osati ndi kukhulupirira wolemba.

Namzeze:
Anzanga, tibwerere pang'ono. Ngati ankakhala konsekonse, kotentha ndi kozizira komwe, chinawapha n'chiyani?

Mwala_Wosalala:
Ganizo lotchuka ndi la Horst Aspöck ndi Ulrike Aspöck a ku Vienna, amene atha moyo wawo wonse akuphunzira tizilombo timeneti. Zaka 66 miliyoni zapitazo chimwala cha m'mlengalenga cha makilomita pafupifupi 10 chinagwa ku Chicxulub, ku Yucatán m'dziko la Mexico. Fumbi ndi utsi zinaphimba dzuwa, dziko linazizira, nkhalango zinawonongeka. Ndi nthawi yomwe ma dinosaur osakhala mbalame anatha. Iwo amati ma snakefly a kumalo otentha sanapirire, koma ochepa amene anazolowera kale kuzizira anapulumuka, ndipo onse a lero ndi zidzukulu za amenewo. N'chifukwa chake sangabwererenso kumalo otentha, mphutsi zawo zinatengera kudikira chisanu.

Mphunzi_wa_Mapiko:
Achimwene, ganizolo ndimalilemekeza koma silikutseka nkhani yonse, ndipo chomwe chikulisokoneza ndi banja lomweli la Baissopteridae. Ku Florissant m'dera la Colorado ku America kuli miyala ya zaka pafupifupi 34 miliyoni, yopangidwa ndi phulusa la mapiri ophulika lomwe linagwera m'nyanja. Mmenemo muli kachilombo kotchedwa Dictyoraphidia, ndipo Vladimir Makarkin ndi Bruce Archibald atakaonanso mu 2014 anakaika m'banja la Baissopteridae. Ngati zili choncho, banjali linadutsa chimwala chija n'kukhalabe zaka zina zoposa 30 miliyoni. Silinathe tsiku limodzi.

Komanso awiri omwewo mu 2021 anafotokoza ma snakefly a mabanja amakono ochokera m'miyala ya British Columbia ku Canada ndi Washington ku America, ya zaka pafupifupi 50 miliyoni. Malowo anali okwera, osatentha kwambiri, koma nyengo yake yozizira inali yofatsa, moti kunkamera mitengo ya mtundu wa kanjedza yomwe sipirira chisanu choopsa. Ndiye mabanja a lero analipo kale pamalo opanda chisanu champhamvu. Funso likubwera: kodi kudikira kuzizira kuja anali nako kuyambira kale, kapena anakutengera pambuyo pake dziko litayamba kuzizira?

Mwala_Wosalala:
Za Florissant ndikuzidziwa, ndipo ndikuvomera kuti banjalo linapitirira. Koma taonani kuchuluka. M'nyengo ya Cretaceous ndi ya Jurassic, yomwe inabwera Cretaceous isanafike, magulu anali ambiri, m'makontinenti osiyanasiyana, kumpoto ndi kumwera. Pambuyo pa zaka 66 miliyoni zija mukundipatsa kachilombo kamodzi ka ku Colorado. Banja la Mesoraphidiidae, lomwe linali lalikulu kuposa onse, silikuonekanso. Ndiye chimwala chija chinadula kwambiri, otsala anali opulumuka ochepa amene anazimiririka pang'onopang'ono.

Mphunzi_wa_Mapiko:
Kudula kunalipo, sindikukana. Ndikungoti tisamafotokoze ngati nkhani yatha. Tizilombo timasungika pamalo osowa kwambiri, pamafunika nyanja yabata ya matope osalala kapena mtengo wotuluka utomoni wambiri. Pakati pa malo amodzi ndi ena pamadutsa zaka mamiliyoni ambiri popanda umboni uliwonse. Kusapezeka pamwala si umboni wokwanira wakuti kanalibe.

Gologolo:
Apa ndiye mukundisangalatsa, chifukwa mukutsutsana poyera m'malo mongotiuza kuti asayansi anatero. Koma zaka zimenezi mukuzitchula ngati munalipo. 34 miliyoni, 99 miliyoni, mumazidziwa bwanji?

Mphunzi_wa_Mapiko:
Sayeza kachilombo, amayeza phulusa la phiri lophulika lomwe lili pamodzi nako. M'phulusamo mumakhala timiyala ting'onoting'ono totchedwa zircon. Tikamapangika timatenga chitsulo chotchedwa uranium koma timakana mtovu. Uranium imasanduka mtovu pang'onopang'ono, pa liwiro lomwe linayezedwa ndipo silisintha ndi kutentha kapena kuzizira. Ndiye mtovu umene uli m'kamwalako lero unachokera ku uranium yomweyo, ndipo ukayerekeza kuchuluka kwa ziwirizi umapeza nthawi yomwe yadutsa. Zaka za utomoni wa ku Myanmar zinapezeka choncho, kuchokera m'mwala wokuta utomoniwo. Pamene palibe phulusa lotere amadalira zamoyo zina zopezeka m'miyala yomweyo zomwe nthawi yake ikudziwika kuchokera kwina, ndipo pamenepo nambala imakhala yongoyandikira. N'chifukwa chake a Mwala za Crato anati zopitirira 110 miliyoni, sanatchule nambala yeniyeni.

MayiWaAwiri:
Mwana uja wabweranso. Akuti ngati kachilombo kali kathunthu mu utomoni, sangakadzutsenso pogwiritsa ntchito DNA?

Mlendo_Kuzizira:
Muuzeni kuti ayi mayi, koma wafunsa bwino. DNA, yomwe ndi chinthu cha m'thupi chosunga chibadwa cha chamoyo, imaduka n'kuwonongeka pakapita nthawi. Yakale kwambiri yomwe inawerengedwa kuchokera m'nthaka ndi ya zaka pafupifupi 2 miliyoni, ya m'nthaka youndana ya ku Greenland, ndipo inalengezedwa mu 2022. Utomoni umasunga maonekedwe, DNA ya zaka 99 miliyoni ayi.

Chiphaliwali09:
Ine chondikhudza pa zonsezi ndi a lero. Ngati mphutsi zawo zimadikira chisanu, ndiye dziko likamatentha chonchi zikhala bwanji?

Mlendo_Kuzizira:
Nanenso ndimaganiza zimenezo. Mitundu yambiri imapezeka pa dera laling'ono, ina pa mapiri ochepa chabe kapena pa chilumba chimodzi, ndipo siuluka patali. Ya kumwera kwenikweni, monga ya ku Mexico, imakhala pamalo okwera chifukwa ndi pomwe pali kuzizira. Kutentha kukakwera phiri, iyo ilibe kwina kokwera.

Mwala_Wosalala:
Ndipo imagwira ntchito ngakhale ndi yosadziwika. Mphutsi zake zimadya mazira ndi mphutsi za tizilombo tina tobisala m'makungwa, zazikulu zimadya nsabwe za zomera.

Namzeze:
Ndachita zomwe a Mphunzi anandiuza. Ndaika zithunzi ziwiri pamodzi pa kompyuta n'kuzikulitsa. Wamoyo uja phiko lake ndinatha kuwerenga timabokosi popanda vuto. Wa pamwala ndinasokonezeka kawiri chakunsonga chifukwa tathinana kwambiri, ndipo ndinayesetsa kuwerenga mbali yomwe phiko lili lokha, losagonana ndi linzake, monga a Gologolo anachenjezera. Kachigamba kakuda kaja ndakapeza pa onse awiri. Sindinenanso kuti mapiko amangofanana. Za chimene chinawapha ndikadali pakati, mwina ndapendekera pang'ono kwa a Mphunzi.

Koma pali china. Kumapeto kwa mimba kuli kamzere kowonda, kowongoka, kotalika pafupifupi ngati mimba yomweyo. Poyamba ndinkati ndi mng'alu wa mwala. Nditakulitsa ndaona kuti kakuyambira pathupi penipeni ndipo mtundu wake ndi wofanana ndi wa thupilo. Ndi mbola?

Gologolo:
Onetsetsani kuti sikakupitirira mpaka kumphepete kwa mwala. Mng'alu suima panjira.

Namzeze:
Kakuima. Kakuthera mosongoka, mwala wozungulira uli wosalala.

Mwala_Wosalala:
Si mbola achemwali, ndi kachubu koikira mazira. Wamkazi amakalowetsa m'ming'alu ya khungwa n'kusiya mazira m'kati, pomwe mphutsi zidzapeze chakudya. Aamuna alibe. Dzina lakuti Raphidia, lomwe katswiri wa zamoyo Linnaeus anapereka mu 1758 ndipo gulu lonse linatengerapo dzina, likuchokera ku liwu la Chigiriki lotanthauza singano, chifukwa cha kachubu komweko. Ndiye kachilombo kamene mwakhala mukukayang'ana usiku wonse kanali kakakazi.

MayiWaAwiri:
A Namzeze, tiikireni chithunzicho pano chonde, chokulitsa mbali ya kumchirayo. Mwana akufuna aone singanoyo asanagone.